Mbale ya a Brearley

A Neville Brearley anakomokera pansi pa tebulo la pawindo Lamulungu masana, ndipo anatsirizikira mu ambulansi asanafike kuchipatala. Mlandu wa imfa yawo unagwera Gillian Outhwaite, amene anawaphikira chakudya tsikulo. Ine ndimagulitsa mowa mu lesitilanti yomweyo. Kauntala yanga inayang'anizana ndi zenera loperekera chakudya, choncho za kukhitchini ndimazidziwa ngakhale zimene sizindikhudza, ndipo nkhaniyi ikandibwerera m'mutu mtima umandiwirabe.

Mwini malo ndi Clive Haxby, yemwenso ndi mkulu wa ophika. Ndi mwamuna wamtali, wa pakamwa pokoma pamaso pa makasitomala, wokonda kutamidwa kuposa kudya. Kuphika kwenikweni anasiya kalekale. Ntchito yake inali kuima pazenera lija, kansalu koyera kali paphewa, ndipo mbale iliyonse isanapite kwa wodya ankaizunguza, kuiyang'ana, n'kuipukuta m'mphepete ndi kansaluko. Ankati dontho la msuzi m'mphepete mwa mbale ndi manyazi a nyumba yonse. Dzanja lake linazolowera moti ankapukuta akulankhula pa foni, akukalipira munthu, ngakhale mbale yoyera kale. Tinkamuseka kuseri kuti pa tsiku la ukwati wake anayamba wapukuta mkwatibwi kumaso asanamupsompsone. Tonse tinasiya kukaona kansaluko, monga mmene munthu amasiyira kumva wotchi ya m'nyumba mwake.

Chakudya chimene Clive ankanyadira kwambiri ndi nkhuku yotungidwa pa timitengo, yothiridwa msuzi wa mtedza. Anaiphunzira atapita kutchuthi kumayiko otentha, ndipo kuyambira pamenepo ankalankhula ngati anabadwira komweko. Anthu a m'tauni yathu, amene anakulira nsomba yokazinga ndi tchipisi, anaikonda modabwitsa. Lamulungu inkatuluka mbale zotsatizana, ndipo msuzi wakewo ndi wamadzimadzi, suchedwa kuyenderera.

Gillian anali atagwira ntchito ndi Clive zaka zoposa makumi awiri. Malamulo a ziwengo atakhwima, Clive anati iye alibe nthawi yokhala m'kalasi kumamvera za anthu oopa chakudya, ndipo anatumiza Gillian. Kuyambira pamenepo, kasitomala akanena kuti chakuti chimamuwenga, mbale yake inkakhala ya Gillian yekha. Anali ndi ngodya yakeyake, thabwa lodulira lapepo, mpeni wa chigwiriro chapepo, ndi mapoto amene wina aliyense sankaloledwa kuwakhudza. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono. Ankaphika yekha, kupakula yekha, n'kukapereka yekha patebulo, osadzera m'manja mwa operekera zakudya. Ukayandikira ngodya yakeyo ndi supuni ya kwina, ankakulalatira ngati wamupondera mwana.

Clive ankamutcha adokotala. Ankafuula kuchokera pazenera kuti adokotala, kwabwera wina woopa mkaka, konzekerani opaleshoni. M'maganizo mwake theka la anthu oterowo linali longodzimva, lofuna kuonedwa. Koma pakhomo anapachika chikwangwani chonena kuti pano odwala ziwengo amadya mtima uli m'malo, ndipo chinkamubweretsera anthu.

A Brearley anali okonza mapiyano, bambo achikulire ofatsa, oyenda ndi ambulera ngakhale dzuwa lili phwee. Mtedza unkawawenga kuyambira ali mwana, osati ziwengo zotulutsa tizilonda ayi, koma zotseka kukhosi. Ankayenda ndi jakisoni m'thumba la jekete. M'tauni muno sankadya kwina kulikonse koma kwathu, ndipo ankanena poyera kuti amabwerera Gillian, zimene Clive ankazimeza movutikira. Lamulungu lililonse ankafika ndi akazi awo, a Marjorie, tikangotsegula chitseko, moti mbale yawo ndiyo inkakhala yoyamba kutuluka. Ankadya nyama ya ng'ombe yowotcha, mbatatesi ndi msuzi wambiri. Pomaliza ankatenga buledi n'kukombeza mbale yonse mpaka m'mphepete, kuisiya ikuwala. A Marjorie ankawadzudzula kuti anthu aziti kunyumba sawaphikira. Gillian zinkamusangalatsa, ankati mbale ya a Brearley sifunanso sopo.

Tsikulo anabwera mochedwa. Piyano ya kutchalitchi inali itavuta, ndipo abusa anawapempha kuti aione mapemphero atatha. Anafika nyumba itadzaza, mvula itathamangitsira alendo onse a kugombe m'kati, mawindo atachita nthunzi, nkhuku ya Clive ikutuluka ngati ya ulere. Gillian anasiya zonse n'kupita kungodya yake. Anaphika monga mwa nthawi zonse, anapakula, anaika mbale pazenera, natembenuka kuti avale epuloni yoyera, poti Clive salola wophika kulowa kodyera ndi epuloni yothimbirira. Kenaka anazungulira, ananyamula mbaleyo ndi manja awiri n'kukaiika pamaso pa a Brearley. Ndinamumva akuwauza kuti idyani bambo, ndaphika ndekha.

Anadya, nakombeza. Ndinali kuthira mowa pamene ndinamva mpando ukugwa. A Marjorie anawabaya jakisoni pantchafu kudzera pa thalauza, koma nkhope ya amuna awo inapitirirabe kutupa. Gillian anatuluka kukhitchini akuthamanga, nagwada pansi n'kuwagwira mutu. Anthu ena anaimirira kuti aone bwino, ndipo bambo wina pa tebulo la pakona anandikodola kufunsa ngati chakudya chake chotsekemera chomalizira chibwerabe. Clive anaima pazenera lake, nkhope itayera ngati ufa.

Apolisi anabwera masana omwewo pamodzi ndi a zaumoyo a kukhonsolo. Anatenga mbale ija n'kuiika m'pulasitiki. Atafunsa kuti mbaleyo inadzera m'manja mwa yani, Gillian sanadikire kuti wina ayankhe.

"Palibe wina anaikhudza koma ine," anatero. "Ndinaphika ndekha, ndinapakula ndekha, ndinakapereka ndekha. Kuno timatero."

Anayankhula monyadira, misozi ili m'maso, poganiza kuti akuyeretsa nyumba yonse pamodzi ndi iye mwini. Wapolisi analemba mawu aliwonse. Clive anali ataima pambali pa Gillian, ndipo anamusisita pamsana.

Opima anapeza mtedza pa mbale. Mapoto a Gillian sakanamuchitira umboni chifukwa anali atawatsuka kale, poti iye sasiya poto wakuda ngakhale kwa mphindi. Nsalu za patebulo ndi zopukutira zonse zinapita kochapa Lolemba m'mawa monga mwa sabata iliyonse, ndipo palibe amene anaziganizira. Lesitilanti inatsekedwa kwa kanthawi. Pa maliro Clive anaphikira anthu onse mwaulere, ananyamula nawo bokosi, nalira mokweza kuposa abale. A Marjorie anamukumbatira pakhomo la tchalitchi. Gillian anaima kutali kuseri kwa mpanda, ndipo mlamu wa malemu anapita kukamuuza kuti achoke.

Lamulo pa nkhani zotere limafuna munthu woti limuloze chala. Loya wa kampani anaonetsa kuti nyumba yathu inali ndi dongosolo labwino, ziwiya zapadera, ndi munthu wophunzitsidwa woyang'anira ziwengo. Munthuyo anali Gillian, ndipo iye mwini anali atanena kale kuti mbale sinachoke m'manja mwake. Anamuzenga mlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala.

Miyezi yodikira khoti ndinkapita kunyumba kwake masana kukamuona. Anaonda mpaka zovala kumulendewera. Sankalankhula za ndende, ankangobwereza za mbale. Ankaimirira m'khitchini mwake n'kumachita ngati akuphikanso chakudya chija, kutsegula mpope, kutenga mpeni, kutembenuka, kufufuza pamene dzanja lake linalakwira. Tsiku lina anandiuza kuti wapapeza. Anati ayenera kuti anagwira chitseko cha firiji atasamba kale m'manja, ndipo mwina wina anali atachigwira ndi msuzi wa mtedza. Ndinamufunsa ngati akukumbukiradi kuti anatsegula firiji. Anati sakukumbukira, koma mtedzawo sunachoke kumwamba, ndipo a Brearley anamukhulupirira iyeyo.

M'khoti Clive anavala suti yakuda ya pamaliro ija. Anauza woweruza kuti Gillian ndi wophika wosamala kuposa onse amene anagwirapo nawo ntchito, ali ngati mlongo wake weniweni, ndipo iye amukhululukira ndi mtima wonse. Kenaka anapukuta maso n'kuwonjezera kuti amadziimba mlandu pa chinthu chimodzi. Anati ankaona kuti miyezi imeneyo Gillian ankabwera kuntchito atatopa, chifukwa mayi ake okalamba ankadwala ndipo sankagona bwino, nthawi zina ankaiwala tinthu, koma iye chifukwa cha chifundo sanafune kumupumitsa. Ine ndinakhala pa benchi ndikudziluma lilime. Mayi ake ankadwaladi, koma Gillian sanaiwalepo ngakhale mchere. Anthu ena m'khotimo anagwedeza mitu kuti bamboyu ngwabwino, ndipo Gillian naye anamuyang'ana moyamikira.

Gillian anavomera mlandu. Loya wake anamuuza kuti akavomera chilango chichepa, koma iye sanavomere chifukwa cha zimenezo, anavomera chifukwa ankakhulupirira kuti anaphadi munthu. Woweruza anamupatsa zaka ziwiri, nati salowa m'ndende pokhapokha atapalamulanso mlandu wina. Kampani anailipiritsa faindi, ndipo Clive anauza atolankhani pa masitepe a khoti kuti lero palibe wopambana.

Tauni yathu ndi yaing'ono, ndipo anthu ake akapeza woti amunyoze sachedwa kutopa. Gillian akalowa m'sitolo anthu ankasiya kulankhula. Wina anamuthirira mtedza pa kabowo ka makalata ka pachitseko, ndipo mayi ake okalamba ndiwo anautola m'mawa osadziwa kuti wachokera kuti. Anafunsira ntchito m'makhitchini onse a m'mbali mwa gombe, ngakhale kokazinga tchipisi, ndipo onse anamuuza kuti amuimbira. A Marjorie akamuona ankawolokera tsidya lina la msewu.

Ndiye Clive anamutenganso. Analengeza yekha pa kauntala yanga pamaso pa makasitomala kuti munthu sataya mnzake pa tsoka, ndipo nyuzipepala ya m'tauni inamujambula ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Chimene nyuzipepala sinalembe n'chakuti ntchitoyo inali yotsuka mbale. Anati a inshuwalansi sangalole kuti Gillian ayandikirenso chakudya. Gillian anathokoza mpaka kulira, ndipo ananena kuti sakudziwa kuti angamubwezere bwanji.

Sinki yathu ili kumbuyo kwa zenera loperekera chakudya, moti wotsuka mbale akakweza mutu amaona msana wa Clive. Lamulungu loyamba Gillian atabwerera, ndinkalowa ndi matambula akuda nthawi ndi nthawi, ndipo ulendo wina ndinamupeza ataima, madzi akusefukira, maso ali pa Clive. Ndinayang'ana kumene ankayang'anako. Mbale inafika pazenera. Dzanja la Clive linakwera paphewa monga mwa kale, linagwira mphepo, linatsika, kenaka linapita pa mpukutu wa mapepala opukutira umene anaupachika pakhoma. Anang'amba pepala, anapukuta mbale, nataya pepalalo m'bini. Mbale yotsatira, chimodzimodzi. Dzanja linkapitabe paphewa, koma kansalu panalibe.

Mpukutuwo ndinali nditauona kuyambira tsiku limene tinatsegulanso. Ndinkangoti ndi chimodzi mwa zinthu zatsopano zimene a zaumoyo analamula, poti anasintha zambiri. Koma Gillian anamva zonse zimene a zaumoyo analamula zikuwerengedwa m'khoti, ndipo ankazidziwa pamtima. Za kansalu munalibemo.

Anadikira mpaka makasitomala a masana atatha ndipo ophika ena atatuluka kukasuta. Ine ndinali pa sinki ndi thireyi ya matambula. Clive ankadya mbatatesi zotsala ataimirira.

"Bwana, kansalu kanu kali kuti?" Gillian anafunsa.

Clive anati mapepala ndi aukhondo, aliyense akudziwa zimenezo masiku ano.

"Ndani anakuuzani kuti musiye?"

"Palibe. Ndinangoganiza."

"Munaganiza liti?"

Clive anapitiriza kutafuna. Gillian anapukuta manja pa epuloni yake yonyowa n'kuyandikira, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene akuwerenga zolembedwa patali. Anati a Brearley ankabwera tikangotsegula, kansalu kasanapukute mbale ina iliyonse. Tsiku lija anabwera mochedwa, kansalu katapukuta nkhuku zonse zija. Iye anaika mbale pazenera n'kutembenuka kuvala epuloni.

"Munaipukuta," anatero.

"Ndimapukuta mbale mazanamazana, chemwali. Ndingakumbukire iti?"

"Mukanapanda kukumbukira bwenzi kansalu kali paphewa."

Ndinayembekezera kuti akana, kapena akalipa, kapena alira monga analirira pa maliro. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana chitseko, naika foloko pansi mosafulumira.

"Unawauza wekha apolisi kuti palibe wina anaikhudza," anatero motsitsa mawu. "Ndinali pomwepo, ndinakumva. Unalankhula bwino kwambiri, adokotala. Ine ndinali ndani woti ndikutsutse?"

Gillian anali atagwiranso chiwaya chachitsulo chimene ankatsuka, ndipo ndinaona zala zake zikuuma pa chigwiriro. Clive nayenso anaona. Anamukumbutsa mwaulemu kuti woweruza anati akangopalamula kamodzi akalowa zaka ziwiri, ndipo anafunsa kuti mayi akewo angawasamale ndani. Kenaka anati anthu khumi ndi angapo amadyera nyumba ino, ndipo akanagwa iyeyo bwenzi tonse tili pamsewu, Gillian yemweyo akanakhala woyamba. Anati pa anthu awiriwo wina ankayenera kusenza, ndipo Gillian anali atadzipereka kale. Anatenga jekete yake n'kutiuza kuti tizimitse magetsi tikamaliza.

Tinapita kwa loya wa Gillian mkati mwa sabata. Anatimvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikhulupirira kuti anatikhulupirira. Koma anafunsa ngati alipo amene anaona Clive akupukuta mbale imeneyo, ndipo panalibe. Ine ndinali kuthira mowa, Gillian anali atatembenuka, operekera zakudya anati sakukumbukira. Kansaluko kanachapidwa kalekale pamodzi ndi tinzake. Amene anamva mawu a Clive a m'khitchini ndi wolakwa wovomera yekha ndi ine mnzake wa pamtima. Loyayo anati kusintha kansalu n'kuyamba mapepala si mlandu, ndipo ena angati ndi umboni wakuti bamboyo ndi wosamala. Analembabe kalata kwa apolisi, ndipo yankho linabwera lakuti palibe chatsopano.

Ndinapsa mtima mpaka ndinapita ndekha kwa a Marjorie. Ndinaganiza kuti mkazi wamasiye angafune kudziwa amene anamuphera mwamuna. Anandilandirira pakhomo, osandilowetsa. Kumbuyo kwawo ndinkaona piyano ya malemu itavundikiridwa ndi nsalu. Ndinafotokoza zonse, ndipo anamvetsera milomo atailuma.

"Mayi, a Haxby ananyamula bokosi la mwamuna wanga," anatero. "Mnzanuyo anavomera pamaso pa woweruza, ine ndili pomwepo. Lero mukufuna ndiyambirenso kulira chifukwa cha kansalu? Ndatopa. Muuzeni asadzatumenso munthu pakhomo panga."

Anatseka chitseko. Ndili m'njira ndinazindikira kuti ndamuwonjezera Gillian mlandu wina, chifukwa pofika Loweruka tauni yonse inali itamva kuti mayi uja, atamuchitira chifundo chonse chija, akufuna kupaka bwana wake matope. Makasitomala ena ankafika pa kauntala yanga n'kumupepesa Clive, ndipo iye ankangogwedeza mutu mwachisoni kuti musamuweruze, wadutsa m'zambiri.

Anthu amandifunsa chifukwa chake Gillian sanachoke. Akanapita kuti? Khomo lokhalo limene linamutsegukira m'tauni muno ndi la Clive, ndipo mayi ake sangasamuke pa ukalamba umenewo. Ine ndikadalipo chifukwa ndikachoka adzatsala yekha m'nyumbamo. Clive sanatichotse ntchito tonse awiri. Kutichotsa kukanachititsa anthu kufunsa mafunso, komanso ndikuganiza kuti amamva bwino kutiona tikumupatsa moni m'mawa.

Kale Gillian ankadzuka ndi kugona akudzida yekha chifukwa chopha munthu amene anamukhulupirira. Ndinkayesa kuti akadziwa zoona apepukidwa. Sanapepukidwe. Anasiya kulira, anasiyanso kulankhula, ndipo amatsuka mbale maso ali m'madzi kuti asaone msana uja.

Lolemba lotsatira Clive anatisonkhanitsa m'khitchini kuti agawe ntchito zing'onozing'ono za sabata, monga kutaya zinyalala ndi kupukuta firiji. Atafika pa Gillian anamwetulira, nati ali ndi kantchito kopepuka koyenera munthu wodziwa za ukhondo kuposa tonse. Analoza mpukutu wa mapepala uja pakhoma.

"Uzionetsetsa kuti usathe, adokotala," anatero. "Ukudziwa wekha zimene zimachitika ukatha."

Ophika ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za masiku onse. Gillian anapita kuchipinda chosungira katundu chakumbuyo, anabwera ndi mpukutu watsopano, naupachika. Amachita zimenezo m'mawa uliwonse tisanatsegule.